KANAMBALA KA PAMWAMBA: MBIRI YA LAMULO LIMODZI LA MASAMU

 Usiku uno ndikupemphani kuti mutsagane nane pa ulendo wa ku Malindi. Sindikunena Malindi wa ku Kenya, kumene Vasco da Gama anakocheza zombo zake m'chaka cha 1498, koma Malindi wathu wa m'boma la Mangochi, amene ali tsidya la kuvuma la nyanja, pa mseu wopita kwa Makanjira. Nkhani yathu ndi ya masamu. Ndikudziŵa kuti ena mwa inu, pongomva liu limeneli, dzanja lathamangira kale kukatseka wailesi. Taimani pang'ono, pakuti mbiri imene ndikufuna kukamba ikukhudza thukuta lanu ndiponso ndalama zanu.

Tsiku lina mwezi wa November ndinali ku Malindi pa ntchito yojambula mau a asodzi. Pobwerera kuchokera ku gombe ndinapeza anthu atazungulira mwini munda wina ndi mnyamata waganyu, mkangano uli mkati. Dzulo lake mnyamatayo anali atalima ndime ya mizere 10, mzere uliwonse wotalika mapazi 10, ndipo analipidwa monga anapangana. M'maŵa mwake mwini munda anamdulira ndime ya mizere 20, mzere uliwonse mapazi 20, namlonjeza malipiro a dzulo kaŵiri. Mnyamata anavomera. Koma dzuŵa linafika paliwombo, linapendeka, ndime osatha.

"Iwe mwana," anatero mwini munda, "mizere ndaŵirikiza kaŵiri, utali ndaŵirikiza kaŵiri, malipiro ndaŵirikizanso kaŵiri. Tsono chakuvuta n'chiyani?"

"Bambo," anayankha mnyamatayo, "sukulu sindinapite nayo patali, koma msana wanga ukundiuza kuti ndalima ndime zinai."

Mlanduwo anauthetsa ndi agogo ena aakazi amene anali kuchokera kotunga madzi. Anatula ndowa, natola kamtengo, najambula pa mchenga munda wa mbali zinai zofanana. Kenaka anadula mzere pakati choimirira, nadulanso wina chopingasa. "Taŵerengani, bambo," anatero. "Ndime ya dzulo ikuloŵamo kangati umu?" Mwini munda anaŵerenga, napeza zinai. Sanali munthu wachinyengo. Anangoseka mwamanyazi nalipira. Iye ndi mnyamata uja anali atakodwa mu msampha umodzi womwewo, umene wakhala ukukola anthu kwa zaka zikwi zambiri.

Tiyeni tsono tiike m'manambala zimene agogo aja anajambula. Ndime yoyamba inali 10 kuchulukitsa ndi 10, ndiye mapazi 100 a mzere. Yachiŵiri inali 20 kuchulukitsa ndi 20, ndiye 400. Pofuna kufupikitsa, a masamu amalemba 20 ndi kanambala kakang'ono ka 2 pamwamba pake chakumanja, chotere: 20². Kanambala kameneka sikakutiuza kuti tichulukitse 20 ndi 2 iai. Kakutiuza kuti 20 alembedwe kaŵiri, ndipo aŵiriwo achulukitsane. Pa Chingerezi amakatcha index kapena power. Ife usiku uno tizingoti kanambala ka pamwamba. Popeza 20 ndi 2 kuchulukitsa ndi 10, tikupeza kuti 20² ndi chimodzimodzi ndi 2² × 10², ndiko kunena kuti 4 × 100. Nambala 4 imeneyi ndiyo imene msana wa mnyamata uja unaimva.

Lamulo lake nali: manambala aŵiri ochulukitsana akakhala ndi kanambala ka pamwamba kofanana, tingathe kuyamba tachulukitsa manambala akuluakuluwo, kanambala kaja n'kukasiya monga kalili. M'zilembo timalemba kuti aⁿ × bⁿ = (ab)ⁿ. Chifukwa chake n'chosavuta. Mai amene wayala usipa pa thandala m'mizere 3, mzere uliwonse nsomba 5, akazungulira n'kuima chammbali aona mizere 5 ya nsomba zitatuzitatu. Usipa ukadali 15. Pochulukitsa, zilibe kanthu kuti wayamba ndani. Tsono 2³ × 5³ ndi 2 × 2 × 2 × 5 × 5 × 5, ndipo palibe chotiletsa kugwirizanitsa 2 aliyense ndi 5 wake. Tikatero tikhala ndi 10 × 10 × 10, ndiye 1,000. Ubwino wake umaoneka manambala akakula. Wofuna kupeza 4³ × 25³ mwa njira yaitali ayenera kuchulukitsa 64 ndi 15,625, pamene wodziŵa lamuloli angoti 4 × 25 ndi 100, ndipo 100³ ndi 1,000,000, osagwira ndi pensulo yomwe.

Mwana wa Fomu 2 amalemba lamulo limeneli pa mzere umodzi. Koma kuti mzere umenewo ulembeke motero panapita zaka zoposa 3,000, ndipo mbali yaikulu ya ulendowo inachitikira mu Africa momwe muno.

Tiyambire ku Egypt. Cha m'ma 1550 Kristu asanabadwe, mlembi wina dzina lake Ahmes anakopera masamu pa gumbwa kuchokera m'buku lina lakale kuposa iye. Mpukutu umenewo unagulidwa ndi Alexander Henry Rhind wa ku Scotland m'chaka cha 1858, ndipo ukusungidwa ku British Museum mu mzinda wa London. Funso la 79 m'menemo likukamba za nyumba 7, amphaka 49, mbeŵa 343, ngala za tirigu 2,401 ndi miyeso ya tirigu 16,807. Uku n'kuchulukitsa 7 ndi 7 mobwerezabwereza mpaka kasanu. Ahmes analibe kanambala ka pamwamba, kotero nambala iliyonse anaipatsa chinthu chake. Ana a sukulu angakondwe kumva kuti pa mzere wachinai mlembi wamkuluyu anaphonya, nalemba 2,301 m'malo mwa 2,401. Kulakwa samu sikunayambe ndi inu.

Lamulo lathu lenilenilo tikulipeza ku Egypt komweko, mu mzinda wa Alexandria, kumene Euclid anaphunzitsa cha m'ma 300 Kristu asanabadwe. Agriki ankaona manambala ngati minda ndi njerwa. Nambala monga 9 ankaitcha sikweya chifukwa miyala 9 imayalika bwino m'mizere 3 ya miyala itatuitatu. Nambala monga 27 ankaitcha kiyubu chifukwa njerwa 27 zimasanjika 3 m'litali, 3 m'lifupi ndi 3 msinkhu. M'gawo la 9 la buku lake lotchedwa Elements, pa mfundo yachinai, Euclid anatsimikiza kuti kiyubu akachulukitsana ndi kiyubu mnzake, chotuluka chimakhalanso kiyubu. Yesani nokha: 8 × 27 ndi 216, ndipo 216 ndi 6 × 6 × 6. Lero tingoti 2³ × 3³ = 6³. Koma Euclid anayenera kufotokoza zonsezi m'mau, nadzera njira yaitali yoyerekeza kukula kwa manambala, ndipo zimene anatsimikiza pa kiyubu sizinangodzigwirira ntchito zokha pa kuchulukitsa kasanu kapena kakhumi. Popanda chizindikiro chimodzi choimira zonse, khwerero lililonse linafuna umboni wakewake.

Lamuloli lili ndi m'bale wake, ndipo m'pofunika kuti timdziŵe, chifukwa aŵiriŵa amasokoneza ana ngati mapasa. Archimedes wa ku Syracuse pa chilumba cha Sicily, amene anaphedwa ndi msilikali wa Chiroma m'chaka cha 212 Kristu asanabadwe, analembera Mfumu Gelon kalata yotsutsa anthu onena kuti mchenga sungaŵerengeke. Inu a ku Malindi ndi ku Makanjira, amene mumaponda mchenga tsiku ndi tsiku, mungamvetse kulimba mtima kwake. Chiŵerengero chachikulu chimene chinali ndi dzina m'Chigriki chinali 10,000. Archimedes anachulukitsa 10,000 ndi 10,000, natenga chotulukacho ngati poyambira pena, nakwera motero mpaka anaonetsa kuti mchenga wodzaza thambo lonse, monga ankaliganizira masiku amenewo, sungapitirire nambala imene ife tingailembe 1 wotsatidwa ndi maziro 63. Pochita zimenezi anaonetsa kuti makhumi ochulukitsana akakumana ndi makhumi anzao, timangoonkhetsa kuchuluka kwao: 10² × 10³ ndi 10⁵. Taonani kusiyana kwake. Pa lamulo la Archimedes nambala yaikulu ndiyo yofanana, ndipo timaonkhetsa tinambala ta pamwamba. Pa lamulo la Euclid kanambala ka pamwamba ndiko kofanana, ndipo timachulukitsa manambala akuluakulu.

Cha m'ma 250 Kristu atabadwa, ku Alexandria komwe kuja, Diophantus anayamba kufupikitsa mau. Nambala yosadziŵika ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ankaitcha dynamis, liu la Chigriki lotanthauza mphamvu, nalemba zilembo ziŵiri zoyamba zokha. Ya katatu ankaitcha kubos, ndipo pokwera ankalumikiza maina aŵiriŵa mpaka kufika pa kasanu ndi kamodzi. Linali khwerero lalikulu, komabe anali maina, osati manambala.

Kuchoka apo nkhani ikutifikitsa ku Baghdad, pa nthaŵi ya ulamuliro wa al-Ma'mun, amene analamula kuyambira 813 mpaka 833. Cha m'ma 820 Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi analemba buku limene m'dzina lake muli liu lakuti al-jabr, kumene kunachokera dzina la phunziro la algebra. M'buku lonselo mulibe chizindikiro cha masamu. Zonse zili m'mau. Nambala yosadziŵika ankaitcha chinthu kapena muzu, ndipo ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ankaitcha mal, kutanthauza chuma. Omvera a m'mbali mwa nyanja amene mumamva Chiswahili mwalizindikira liu limeneli: ndilo mali. Sanalitchule chuma mwangozi. Gawo lalikulu la bukulo likukamba za malonda, kuyeza minda ndi kugaŵa chuma cha masiye motsata malamulo a Chisilamu. Algebra inabadwira pa milandu yonga ya mnyamata waganyu uja, osati m'chipinda cha mayeso.

Akatswiri a Chiarabu anapitiriza ntchitoyi. Al-Karaji, cha m'ma 1000, anaonetsa kuti makwerero ameneŵa alibe mapeto. Kumpoto kwa Africa ndi ku Spain ya Asilamu alembi anayamba kugwiritsa ntchito zilembo zoyamba za mau: al-Qalasadi, amene anamwalira ku Béja m'dziko la Tunisia m'chaka cha 1486, ankalemba chilembo choyamba cha mal kapena cha liu la kiyubu pamwamba pa nambala. Buku la al-Khwarizmi linali litamasuliridwa kale m'Chilatini ndi Robert wa ku Chester m'chaka cha 1145, ndipo umo ndi m'mene algebra inaloŵera m'masukulu a ku Ulaya.

Ku Ulayako zinthu sizinayende msanga. M'chaka cha 1484 Nicolas Chuquet wa ku Lyon m'dziko la France analemba kanambala kakang'ono pamwamba m'malo mwa dzina, koma buku lake linakhala losasindikizidwa mpaka 1880. Ku Germany kunali mbusa wina, Michael Stifel, bwenzi la Martin Luther, amene ankakonda kusanthula manambala m'malemba. Iye analosera kuti dziko lidzatha pa 19 October 1533, nthaŵi ya 8 koloko m'maŵa. Anthu ena a mpingo wake anasiya minda natha chuma chao. Tsikulo linafika, 8 koloko inakwana, dzuŵa linapitiriza ulendo wake, ndipo Stifel anachotsedwa pa ntchito mwamanyazi. Koma kugwa m'mbuna sikutha kwa ulendo. Anatembenukira ku masamu enieni, ndipo m'buku lake la 1544, Arithmetica integra, anatipatsa liu lakuti exponent limene likugwirabe ntchito mpaka lero. Ku England Robert Recorde, dokotala wa ku Wales, anatipatsa chizindikiro cha timizere tiŵiri togona cha kufanana m'chaka cha 1557, koma iyenso anali kulimbanabe ndi maina. Nambala yochulukitsidwa kasanu ndi katatu ankaitcha zenzizenzizenzic. Taganizani mwana wa ku Lungwena akuloŵeza dzina lotere pa khwerero lililonse!

Amene anakhazikitsa kalembedwe kathu ka lero ndi René Descartes, m'buku lake La Géométrie, losindikizidwa ku Leiden m'dziko la Holland m'chaka cha 1637. Iye analemba a³, a⁴ ndi kumapitirira, ngakhale kuti pa kaŵiri ankakondabe kulemba aa. M'chaka cha 1676 Isaac Newton, m'kalata yake kwa Henry Oldenburg, anaonetsa kuti pamwamba paja pangakhalenso nambala yochepera ziro kapena ya theka. Kuyambira pamenepo zimene Euclid anatsimikiza m'mau ambiri pa kiyubu yekha zinakwana pa mzere umodzi woimira makwerero onse.

Chaka chimodzi Descartes atatulutsa buku lake, mu 1638, ku Leiden komweko kunasindikizidwa buku la Galileo limene linaonetsa tanthauzo la lamuloli pa zinthu zogwirika. Chinthu chikakula kaŵiri mbali zonse, nkhope yake imakula kanai, koma mkati mwake ndi kulemera kwake zimakula kasanu ndi katatu, pakuti (2a)² ndi 4a², pamene (2a)³ ndi 8a³. N'chifukwa chake njovu ili ndi miyendo ngati mitondo, pamene ya udzudzu ili ngati ulusi. N'chifukwa chakenso womanga nyumba kapena ngalaŵa sangangotenga kakang'ono n'kukakulitsa osalimbitsa mizati.

Nanga zonsezi zinafika bwanji ku nyanja yathu? Choyamba tinene kuti nzeru yake inalipo kale m'manja mwa anthu. Mai woumba mbiya amadziŵa kuti mtsuko wotalika ndi kutambalala kaŵiri kuposa unzake suloŵa madzi kaŵiri chabe; amadziŵa ndi mutu wake pousenza. Bambo woluka nkhokwe amadziŵa kuti akaitambalitsa kaŵiri, msinkhu n'kukhala womwewo, chimanga chimaloŵa kanai. Wosoka ukonde amadziŵa kuti maso akachepa ndi theka, mfundo zimachuluka kanai ndipo ulusi umatha wambiri. Agogo a ku Malindi aja anali a mtundu umenewu wa akatswiri. Chimene chinabwera kuchokera kunja ndi kalembedwe, ndipo kanadzera njira ziŵiri.

Njira yoyamba inali ya kuvuma. M'zaka za m'ma 1800 mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda ankachita malonda ndi anthu a ku Kilwa ndi ku Zanzibar, malonda a minyanga ndiponso, tisabise, a akapolo. Cha m'ma 1870 Makanjira analoŵa Chisilamu, ndipo pa mabwalo a mafumu panayamba kupezeka alembi ndi aphunzitsi olemba m'zilembo za Chiarabu. Mau a ku Baghdad onga mali, ndi hesabu amene ndi m'bale wa liu lina la m'dzina la buku la al-Khwarizmi, anamveka m'mbali mwa nyanja ino kudzera m'Chiswahili.

Njira yachiŵiri inali ya mishoni. A Universities' Mission to Central Africa, amene anayamba ntchito ku Magomero m'chaka cha 1861 nabwerera m'mbuyo chifukwa cha nkhondo, njala ndi matenda, anadzakhazikika pa Likoma m'chaka cha 1885. William Percival Johnson anaona kuti midzi ya m'mbali mwa nyanja ingafikirike bwino ndi sitima, ndipo anafuna sitima yokhala ndi chipinda chophunzitsiramo aphunzitsi. Sitimayo, imene inapatsidwa dzina la Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanjayi m'chaka cha 1895, inapangidwa ku Glasgow, niphwasulidwa m'zidutswa zoposa 3,000. Zidutswazo zinakwera Zambezi ndi Shire, ndipo pa mathithi zinasenzedwa pamutu. Boyila yake, ndiye mphika waukulu wa nthunzi, inakokedwa pamtunda ndi amuna mazanamazana. Anailumikiza kwa Mponda, niloŵa m'madzi m'chaka cha 1901. Malindi anasanduka malo okonzerapo sitima za mishoni, ndipo amisiri a Chimalaŵi amene anaphunzira ntchito ya zitsulo kumeneko ankakumana ndi lamulo lathu tsiku ndi tsiku: paipi yotambalala kaŵiri ili ndi kamwa lalikulu kanai, ndipo thanki lokula kaŵiri mbali zonse limasunga madzi kasanu ndi katatu.

Koleji ya aphunzitsi ya St Michael's, imene inayambira ku Kobwe tsidya la Mozambique cha m'ma 1900, inasamukira ku Likoma, ndipo pambuyo pake inadzakhazikika ku Malindi. Aphunzitsi ochokera kumeneko anamwazika m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuphunzitsa kuŵerenga, kulemba ndi kuonkhetsa, kaŵirikaŵiri pa mchenga kapena pa sileti. Liu lathu lakuti masamu linachokera m'masukulu otere, kuchokera ku liu la Chingerezi lakuti sums. Komabe masamu a zilembo anafikira anthu oŵerengeka okha, makamaka m'masukulu akuluakulu a mishoni monga Overtoun ku Khondowe, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1894. Boma la atsamunda linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro m'chaka cha 1926, koma sekondale yoyamba, ya Blantyre, inatsegulidwa mu 1940, ya Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza mu 1951. Ŵerengani nokha: kuchokera pa buku la Descartes kufika pa sekondale yoyamba m'dziko muno panapita zaka 303. Pamene ophunzira oyamba analoŵa Yunivesite ya Malaŵi m'chaka cha 1965, mabanja ambiri anali asanaonepo mwana wao akulemba kanambala ka pamwamba. Lero dzina la St Michael's ku Malindi ndi la sekondale ya atsikana, ndipo adzukulu a amai oumba mbiya akulemba pa bolodi zimene agogo ao ankadziŵa ndi manja.

Pano ndiloleni ndiulule kulakwa kwanga. Nditangotuluka ku koleji ya aphunzitsi, ndisanaloŵe ntchito ya pa wailesi, ndinkathandiza ana a sekondale madzulo pokonzekera mayeso. Tsiku lina ndinalemba pa bolodi 2³ × 5³. Ndinachulukitsa 2 ndi 5 n'kupeza 10, kenaka, mwachizoloŵezi, ndinaonkhetsa tinambala ta pamwamba n'kulemba 10⁶. Ana onse anakopera mwaulemu. Patapita kanthaŵi mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja mwamantha. "Pepani aphunzitsi," anatero, "2³ ndi 8, ndipo 5³ ndi 125. Kodi 8 kuchulukitsa ndi 125 ingakwane miliyoni?" Ndinayang'ana bolodi, thukuta lili kamukamu. Ndinali nditasakaniza lamulo la Euclid ndi la Archimedes, ndipo yankho langa linaposa loona ka 1,000. Ndinali nditaloŵeza malamulo ngati nyimbo, osafunsa kumene anachokera. Mtsikanayo sanaloŵeze, anangobwerera ku tanthauzo la kanambalako, monga anachitira agogo aja ndi kamtengo kao.

Pali msampha wina umene ndiyenera kukuchenjezani. Lamuloli ndi la kuchulukitsa, si la kuonkhetsa. Ana ambiri amaganiza kuti popeza 3² × 4² ndi 12², ndiye kuti 3² kuonkhetsa ndi 4² ndi 7². Iai. 9 ndi 16 akaphatikizana ndi 25, pamene 7 × 7 ndi 49. Nanga 24 wapita kuti? Jambulani munda wa mapazi 7 mbali zonse, mudule mbali iliyonse pa 3 ndi 4. Mupeza ndime ya 9 pa ngodya ina, ya 16 pa ngodya inzake, ndi ndime ziŵiri za 3 × 4 zimene munaziiŵala. Euclid anajambula chithunzi chomwechi m'gawo lachiŵiri la buku lake. Ndiponso lamulo lathu laima pa mwala umodzi wokha, uja wa usipa wa pa thandala, wakuti pochulukitsa zilibe kanthu kuti wayamba ndani. M'chaka cha 1843 William Rowan Hamilton wa ku Dublin anatulukira mtundu wa manambala umene kusintha woyamba kumasintha yankho, monga kuvala sokosi kenaka nsapato kumasiyana ndi kuvala nsapato kenaka sokosi. Pa manambala otero lamulo lathu siligwira. Wodziŵa chifukwa cha lamulo amadziŵanso malire ake.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga ine amene ndinasiya sukulu kalekale, zikundikhudza bwanji? Zikukukhudzani pamene mukugula thanki: la mita imodzi mbali zonse limaloŵa malita 1,000, koma la mamita 2 mbali zonse limaloŵa malita 8,000. Zikukukhudzani pamene mukuyeza munda kuti mudziŵe feteleza wofunika: hekitala ndi mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, ndipo munda wa mamita 50 mbali zonse si theka la hekitala, koma gawo limodzi mwa magawo anai. Wothira feteleza wa theka la hekitala pa munda wotere wathira moŵirikiza, ndipo wataya ndalama. Zikukukhudzani pokumba dziŵe la nsomba, poumba njerwa, pogula malata, ndi podula ndime ya ganyu. Pa zonsezi munthu angathe kudyera mnzake masuku pamutu, kapena kudzibera yekha, popanda mtima woipa, chifukwa chongoganiza kuti kaŵiri ndi kaŵiri basi.

Kwa aphunzitsi anzanga pempho langa ndi lakuti musayambe ndi zilembo. Tulukani ndi ana panja, muŵapatse kamtengo, ajambule ndime pa dothi, asanje njerwa, aone ndi maso ao 4 ndi 8 akutuluka. Zilembo zibwere pambuyo, monga zinachitira m'mbiri, pakuti anthu anadziŵa lamuloli zaka pafupifupi 2,000 asanapeze kalembedwe kake. Kwa makolo ndikuti, mwana akabwera ndi funso lotere musamuuze kuti za sukulu simuzidziŵa. Mfunseni kuti kanambalako kakutanthauza chiyani, ndipo mumuonetse nkhokwe ndi mtsuko. Kwa inu ana, makamaka atsikana amene mwauzidwa kuti masamu ndi a anyamata, kumbukirani kuti amene anathetsa mlandu wa ku Malindi anali mai wokalamba, ndipo amene anakonza bolodi langa anali mtsikana. Mukakayika lamulo, ikani manambala ang'onoang'ono m'malo mwa zilembo, muchulukitse mwa njira yaitali, muone ngati zikugwirizana. Kufunsa ndi kudziŵa njira.

Nthaŵi yathu yatha. Maŵa mukapita ku munda kapena ku gombe, yezani chinthu chimodzi, muchiŵirikize mbali zonse, ndipo muŵerenge chimene chatuluka.